Mkulu watsopano wati tikhululukirane, koma anafunsa ndani?

Walaibulale: Abale, pali nkhani yomwe ikundisowetsa tulo, ndipo ndikufuna maganizo anu, makamaka inu amene munaphunzirapo kapena kugwira ntchito pa yunivesite. Dzina la sukulu yathu sinditchula. Kwa zaka ziwiri takhala pa mpungwepungwe. Aphunzitsi ananyanyala ntchito, ophunzira anachita zionetsero, akuluakulu anaimitsa ntchito anthu angapo n'kuchotsa sukulu ana ena, geti n'kukhala lotseka miyezi. Koma geti lotsekalo si limene linatipweteka kwambiri. Mayina a anthu amene analangidwawo anaperekedwa ndi anzathu omwe, anthu okhala nawo ofesi imodzi. Pano kwabwera mkulu watsopano wochokera kwina. Sabata yatha anatisonkhanitsa muholo n'kulengeza kuti milandu yonse yomwe sukulu inatsegula waithetsa, ya mbali zonse, ndipo kuyambira tsikulo tikhululukirane. Anthu anawomba m'manja. Ine manja anga anakana. Pambali panga panali mnzanga amene anakhala pakhomo miyezi 14 osalandira kanthu, ndipo munthu amene anamuperekayo anali mizere iwiri kutsogolo kwathu, akuwomba m'manja kuposa aliyense. Kodi ndine wouma mtima, kapena pali chimene chalakwika apa?

Wongodutsa: Wowomba kwambiriyo ndiye amene ngongole yake yafafanizidwa, achemwali. Nanenso ndikanawomba mpaka manja kutupa kkkk

M'busa wa Ophunzira: Mayi, si kuuma mtima ayi, ndi bala lomwe lisanapole. Komabe ndiloleni ndimuikire kumbuyo mkuluyo pang'ono. Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Aliyense wa inu amene munalipo pa mkanganowo ali ndi mbali yake, ndipo palibe amene akananena kuti basi zithere pano popanda ena kumunena kuti akuteteza anzake. Ndakhala ndi ophunzira zaka zambiri, ndaona milandu ya sukulu ikudya anthu. Komiti iitana munthu, iye apita kukhoti, khoti liimitsa komiti, zaka zikupita, ana akungokula osamaliza maphunziro. Wina amayenera kudula chingwecho. Ndipo chisomo, mwa chikhalidwe chake, sichidikira kuti munthu ayambe wakhala woyenera. Chikadikira, ndiye kuti ndi malipiro, si chisomonso.

Mphunzitsi Wopuma: Abusa, zimene mwanenazi zandikumbutsa nkhani ya ku Bloemfontein, ku South Africa, yomwe ndinaitsatira kwambiri nthawi imeneyo. Ndiifotokoze, chifukwa ikufanana ndi ya mayiwa m'njira yodabwitsa.

Pa University of the Free State panali hositelo ya anyamata yotchedwa Reitz. Mu 2007 sukulu inaganiza zoti ophunzira achizungu ndi akuda azigona m'mahositelo amodzi. Anyamata anayi achizungu a ku Reitz, posonyeza kukana kwawo, anajambula vidiyo. Anatenga ogwira ntchito asanu akuda, amayi anayi ndi bambo mmodzi, anthu oti akanatha kukhala makolo awo, n'kuwachititsa zinthu zonyazitsa, kuphatikizapo kuwagwaditsa kuti adye chakudya chomwe m'vidiyomo chikuoneka ngati wina wachikodzera. Anyamatawo anati zokodzazo zinali zongoyerekeza. Vidiyoyo inatuluka mu February 2008, dziko lonse linagwedezeka. Hositelo inatsekedwa, ndipo mkulu wa sukulu wa nthawiyo, Frederick Fourie, anatula pansi udindo chaka chomwecho.

Mu 2009 kunabwera Jonathan Jansen, munthu wakuda woyamba kutsogolera yunivesiteyo. Pa mwambo womulonga, mu October chaka chimenecho, analengeza kuti sukulu ikuchotsa milandu yake pa anyamatawo, kuti amene anali asanamalize angathe kubwerera kudzaphunzira, komanso kuti ogwira ntchito aja apatsidwa chipukuta misozi. Mfundo yake inali yakuti vuto si anyamata anayi okha. Sukuluyo ndi imene inalera khalidwelo kwa zaka zambiri, ndiye kuwathamangitsa anayiwo n'kusamba m'manja kukanakhala chinyengo. Desmond Tutu anamuyamikira. Koma nduna ya maphunziro apamwamba, Blade Nzimande, mabungwe a ogwira ntchito ndi ena ambiri anamudzudzula koopsa.

Mwana wa Wosesa: Aphunzitsi, pepani ndikuduleni. Mayi anga anasesa makalasi ndi zimbudzi za pa koleji zaka zoposa makumi awiri, ndiye nkhani ngati izi sindiimva ngati mbiri chabe. Funso langa ndi limodzi. Asanaime pa nsanja kulengeza zimenezo, anthu asanu aja anawafunsa?

Mphunzitsi Wopuma: Mwana wanga, mwagunda pamene panali phokoso lenileni. Chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene anamudzudzula nazo n'chakuti analengeza asanakambirane mokwanira ndi olakwiridwawo. Phokoso litakula, anatsegulanso zokambirana.

Mwana wa Wosesa: Ndinadziwa. Zimakhala choncho nthawi zonse. Anthu a mikanjo amakhululukirana pamwamba pa mitu ya anthu osesa. Pulofesa amakhululuka, bishopu amayamikira, nyuzi zimalemba, ndipo mayi amene anagwaditsidwa uja amamva pa wailesi kuti nkhani yake yatha. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nanga wina akakutsegulira chitseko iwe usanadzuke, n'kuuza anthu kuti wachira?

Wamalamulo: Ndikuona kuti tikusakaniza zinthu zitatu zomwe ndi zosiyana, ndipo kusakanizaku n'kumene kukuwapweteka a Walaibulale. Pali mlandu wa sukulu, woti waphwanya malamulo a pasukulu. Umenewo mwini wake ndi sukulu, ndipo mkulu wake, khonsolo ikavomereza, angathe kuuthetsa. Pali mlandu wa boma, womwe mkulu wa sukulu alibe nawo mphamvu ngakhale pang'ono. Ku Bloemfontein komweko mlandu wa boma unapitirira. Mu July 2010 anyamata aja anavomera mlandu wonyoza ulemu wa munthu, womwe m'malamulo a kumeneko amautcha crimen injuria, ndipo aliyense analamulidwa kulipira R20,000, ngakhale khoti lalikulu linadzachepetsa pambuyo pake. Ndiye pali chachitatu, chimene munthu walakwira munthu mnzake. Ichi sichili m'manja mwa mkulu wa sukulu kapena woweruza. Mkulu wanuyo akanati "sukulu yachotsa milandu yake" n'kulekera pomwepo, bwenzi ali m'malire ake. Powonjezera kuti "tikhululukirane kuyambira lero", wagawa katundu yemwe si wake.

Walaibulale: Eya! Ndi zimenezo achemwali. Ndimasowa mawu ake. Wagawa katundu yemwe si wake.

Wa Chaka Chachinayi: Ine ndine mmodzi mwa ana amene anachotsedwapo sukulu, kwina osati kwanuko, koma nkhani yake ndi yomweyi. Tinabwezedwa utsogoleri utasintha. Ndinene zoona, tsiku lomwe anatiuza kuti tibwerere sindinafunse za chilungamo, ndinangolongedza chikwama. Bambo anga anali atasiya kundilankhula. Ndiye abusa sakunama, chisomo cha mkulu chimapulumutsa anthu enieni. Koma nditabwerera ndinapeza kuti mphunzitsi amene anaikira umboni wonditsutsa ndi amene aziyang'anira kafukufuku wanga wa chaka chomaliza. Palibe amene anaganizirapo zimenezo. Ndinkalowa mu ofesi mwake, iye kuyang'ana pepala, ine kuyang'ana pansi, chaka chathunthu. Sitinatchulepo nkhaniyo ngakhale kamodzi. Anandipatsa malikisi abwino, mwina oposa amene ndinayenera, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kupepesa kapena mantha.

Ndinali Mbali Inayo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndikudziwa kuti ndiputa mavu, koma ndilankhule. Pa mkangano wina wotere ine sindinanyanyale nawo. Ndinali pa kontirakiti ya chaka chimodzi, mkazi wanga ali woyembekezera. Anandiitana mu ofesi, pa tebulo pali pepala la kontirakiti yanga yatsopano losasainidwa, n'kundifunsa amene analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi. Ndinatchula anthu awiri. Sindikudziikira kumbuyo, ndinalakwa, ndipo mmodzi wa iwo anachotsedwa ntchito. Koma dziwaninso kuti kwa zaka ziwiri palibe amene ankandipatsa moni, galimoto yanga inaphwanyidwa galasi, ndipo mwana wanga wamkulu ankatchedwa mwana wa Yudasi ndi ana a anzanga. Anthu ngati ine tikamawomba m'manja muholo, si nthawi zonse pamene timakhala tikuseka olakwiridwa. Nthawi zina ndi munthu amene wapuma mpweya koyamba.

Wongodutsa: Apa ndiye ndabweza nthabwala yanga ija, achimwene. Theka lake lokha.

Mwana wa Wosesa: Bambo, ndakumvani, ndipo zoswa galasi ndi kunyoza mwana n'zoipa, sindingazivomereze. Koma ndikufunseni mosapsatira. Munthu amene anachotsedwa ntchito uja, munapitako kukamuuza zimene mwatiuzazi?

Ndinali Mbali Inayo: Ayi. Ndinkati mkulu atalengeza kuti zatha, kuzidzutsanso kukhala kuputa mabala.

Mwana wa Wosesa: Ndiye mwaona nokha zimene chilengezocho chinachita. Chinakuchotserani ulendo womwe munayenera kuyenda.

M'busa wa Ophunzira: Mawu amenewa andilasa, ndipo ndikonzeko zimene ndinanena poyamba. Sindikubweza zoti chisomo sichidikira woyenera. Koma ndinasiya theka la nkhani. Zakeyu analandiridwa asanachite kalikonse, ndi zoona, Ambuye anangoti tsika ndikacheza kwanu. Koma chisomocho chitamufika, iye anaimirira n'kulonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Chisomo chinatsegula ulendo wopita kwa anthu amene anawalakwira, sichinautseke. Ndipo mneneri Yeremiya anadzudzula atsogoleri a nthawi yake chifukwa chopoletsa bala la anthu pamwamba pokha, n'kumalengeza mtendere pamene mtendere palibe. Ife azibusa timagwa kawirikawiri m'mbuna imeneyi. Timaitanidwa ku mwambo, tipemphera, anthu agwirana chanza, kamera ijambula, ife tipita kwathu tikuganiza kuti tatumikira. Amene sanagwire chanza timamuona ngati wosapemphera.

Wamalamulo: Ndiwonjezere pa zimene abusa anena, chifukwa anthu akamakamba zokhululukirana amakonda kutchula komiti ya Tutu ngati kuti inkangogawa chikhululukiro kwa aliyense. Sizinali choncho. Komiti ya choonadi ndi chiyanjanitso ya ku South Africa ija inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995 ndipo inayamba kumva anthu mu April 1996 ku East London. Kuti munthu asaimbidwe mlandu, ankayenera kupempha yekha, kuulula zonse zimene anachita, ndi kusonyeza kuti anazichita pa zifukwa za ndale. Anthu oposa 7,000 anapempha, amene analoledwa ndi 849. Apolisi amene anapempha pa imfa ya Steve Biko, womenyera ufulu wa anthu akuda amene anafera m'manja mwa apolisi, anakanizidwa. Banja la Biko, pamodzi ndi mabanja ena, linapita mpaka kukhoti loona za malamulo aakulu a dziko mu 1996 kukatsutsa mphamvu yokhululukira imeneyi, ndipo ngakhale linagonja, palibe amene akananena kuti linalibe ufulu wokana. Komanso pamene panadzakhala madandaulo ambiri ndi pa chipukuta misozi. Mu 2003 boma la Thabo Mbeki linalengeza R30,000 kamodzi kokha kwa wolakwiridwa aliyense, ndalama yochepa kuposa imene komiti inapempha. Ndiye ngakhale kumene kunali kuulula poyera, anthu anadandaula kuti olakwa anapeza zawo msanga, olakwiridwa anadikira zaka. Nanga kwanuko kumene sikunakhale kuulula n'komwe?

Walaibulale: Kwathu kulibe amene waulula kanthu. Mpaka pano mwalamulo palibe amene anapereka mayina. Mayinawo anangodziyendera okha kupita ku ofesi.

Mphunzitsi Wopuma: Kkkk mayina a miyendo. Ndimalize nkhani ya ku Bloemfontein ija, chifukwa mathero ake ali ndi mbali ziwiri ndipo aliyense amatolapo imene ikumukomera. Mu February 2011, patatha chaka ndi miyezi inayi chilengezere Jansen, kunachitika mwambo umene anyamata aja anapepesa kwa ogwira ntchito asanuwo, ndipo iwo analandira kupepesako. Izi zinadza pambuyo pa zokambirana zomwe bungwe loona za ufulu wa anthu la dzikolo linatengapo mbali, ndipo mlandu womwe bungwelo linatsegula unathera kunja kwa khoti. Pa sukulupo panakhazikitsidwanso nthambi yofufuza za tsankho ndi chiyanjanitso. Omukonda Jansen amati mukuona, akanapanda kulimba mtima mu 2009, tsiku limeneli silikanafika. Ine ndimati taonani ndondomeko yake. Chimene chinagwira mtima anthu mu 2011 n'chakuti olakwa analankhula okha, olakwiridwa anayankha okha, khoti litanena kale kuti cholakwa chinalipo. Mkulu anangokonza bwalo.

Mbali yachiwiri ndi iyi. Mu February 2016, pa bwalo la Shimla Park la sukulu yomweyo, ophunzira ndi ogwira ntchito amene ankachita zionetsero analowa m'bwalo masewero a rugby ali mkati. Oonerera, ambiri a iwo azungu, anatsikira m'bwalomo n'kuwamenya. Masewero anapitirira pambuyo pake. Mwa zimene ankadandaula ochita zionetserowo munali nkhani ya ogwira ntchito olembedwa kudzera m'makampani apadera m'malo molembedwa ndi sukulu. Jansen anachoka pa udindo chaka chomwecho.

Wa Chaka Chachinayi: Ndiye kuti analephera, aphunzitsi?

Mphunzitsi Wopuma: Sindinganene choncho, mwana wanga. Munthuyo anagwira ntchito, ankapezeka pakati pa ophunzira, mahositelo anasakanikirana. Koma ndikuganiza kuti anthu anamusenzetsa, ndipo mwina naye anadzisenzetsa, katundu woposa munthu mmodzi. Sukulu yomwe kwa zaka zambiri inkaphunzitsa m'zilankhulo ziwiri, Afrikaans ndi Chingerezi, m'makalasi osiyana, inali ngati sukulu ziwiri pa malo amodzi. Mtima wabwino wa mkulu sukanasintha zimenezo pawokha. Ndondomeko ya chilankhulo inadzasinthidwa mu 2016, ndipo nkhaniyo inakafika kukhoti lalikulu la malamulo a dziko mu 2017. Chiboliboli cha Steyn, mzungu yemwe kale anali pulezidenti wa Orange Free State, chomwe chinkakanganitsa anthu pa sukulupo chinadzachotsedwa mu 2020, pansi pa mkulu wina, Francis Petersen. Zinthu zimene zimagawa sukulu zimakhala m'makontirakiti, m'mahositelo, m'ndondomeko zokwezera anthu pa ntchito. Zikatsala momwemo, anthu amakumbatirana muholo n'kukakumananso nazo Lolemba m'mawa.

Mwana wa Wosesa: Ndipo taonani kuti zaka zisanu ndi zitatu pambuyo pa vidiyo ija, amene anali m'bwalo akudandaula anali ogwira ntchito omwewo a pansi. Ine zanga ndatha.

M'busa wa Ophunzira: Musathe msanga, mwana wanga, mawu anu akutithandiza. Koma ndikufunseni inunso. Mayi anu, pa zonse zimene anakumana nazo, anakhululukirapo munthu amene sanapepese?

Mwana wa Wosesa: Ambiri, abusa. Ankati sangasenze anthu onsewo mumtima, ndi olemera. Koma anali iwo amene ankasankha, pa nthawi yawo, ndipo ena sanawakhululukire mpaka kumwalira. Tsiku lina bwana wina anawauza pagulu kuti "mayi, zija tinaiwala eti?" iwo anayankha kuti "mwaiwala ndinu, bwana." Anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito.

Wongodutsa: Mayi amenewo ndikanakonda kuwadziwa.

Wamalamulo: A Walaibulale, ngati mkulu wanuyo ndi womva, ndipo zikuoneka kuti cholinga chake si choipa, pali zinthu zimene mungamupemphe zomwe zili m'manja mwake ndithu. Makalata oimitsa ntchito achotsedwe m'mafayilo a anthu, ndipo aliyense alandire kalata yonena kuti sanapezeke wolakwa, chifukwa "mlandu wathetsedwa" ndi "sanalakwe" ndi zinthu ziwiri zosiyana pa tsiku lofunsira ntchito kwina. Malipiro a miyezi 14 aja abwezedwe, pamodzi ndi zopereka za penshoni zomwe zinadumphidwa, anthu amaiwala zimenezi. Ophunzira obwerera asaikidwe m'manja mwa amene anawaikira umboni, monga zinamuchitikira mchimwene wathuyu. Ndipo pakhale munthu wochokera kunja, wosakhala pansi pa mkuluyo, woti aliyense wofuna kulankhula akalankhule naye, kuphatikizapo anthu ngati a Mbali Inayo amene anapanikizidwa ndi kontirakiti. Amene anaika pepala losasainidwa pa tebulo paja ndi amene sitinamutchule m'nkhani yonseyi, ndipo chikhululukiro cha chisawawa chimamubisa iyeyo kuposa wina aliyense.

Ndinali Mbali Inayo: Iyeyo anakwezedwa pa ntchito. Koma ndabwerera ku funso la achemwali aja. Munthu ndinamulakwirayo nambala yake ndikadali nayo. Ndikuopa kuti akangodula foni.

M'busa wa Ophunzira: Akhoza kudula, bambo, ndipo ali ndi ufulu wotero. Musamuimbire kuti mumve bwino inu. Mulembereni, munene chimene munachita mosazungulira, musayambe ndi nkhani ya kontirakiti ndi mimba ya mayi, imeneyo adzafunsa yekha akafuna. Ndipo musamupemphe kuti akuyankheni.

Wa Chaka Chachinayi: Mphunzitsi wanga uja akanangonena chiganizo chimodzi chokha, ndikanasinthanitsa ndi malikisi onse aja.

Walaibulale: Zikomo nonse. Mnzanga uja ndamuwerengera zonsezi madzulo ano. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati zomwe a Wamalamulo alemba tizikonze bwino tikazipereke ku ofesi ya mkulu Lachinayi, chifukwa wati khomo lake ndi lotsegula ndipo tikufuna tione ngati n'zoona. Za penshoni anali asanaziganizire n'komwe. Ndinamufunsa za munthu wa mizere iwiri kutsogolo uja. Anati dzulo anakumana naye pa masitepe a laibulale, iye anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu, kenako anangoti "mwaswera bwanji" n'kupitirira. Mnzangayo akuti anayankha moniyo. Sakudziwa ngati mawa adzayankhenso.

Wamalamulo: Nditumizireni zomwe mwalembazo Lachitatu usiku ndizione kaye. Ndipo mukapite anthu osachepera atatu, wina azikalemba zimene mkuluyo ayankhe.